Robert Fripp ndi King Crimson: mmene gitala imagwirira ntchito m'nyimbo zovuta kuwerenga

Mukaonera kanema wa King Crimson ili pa siteji, pamapita kamphindi musanapeze mwini gululo. Kutsogolo kulibe. Wakhala pa kampando chakumbali, nthawi zina kumene magetsi safika bwino, magalasi ali m'maso, msana wawongoka, gitala ili pachifuwa. Sadumpha, sagwedeza mutu, ndipo dzanja lake lamanja limaoneka ngati laima pomwe manoti akugwa ngati matalala pa malata. Ameneyo ndi Robert Fripp. Anayamba kuyimba ali chikhalire mu 1969, chaka chimene gululi linabadwa, chifukwa zimene ankafuna kuti zala zake zichite sizikanatheka gitala ikulendewera m'chiuno.

Anabadwa pa 16 May 1946 ku Wimborne Minster, m'chigawo cha Dorset kummwera kwa England. Bambo ake ankachita bizinesi yogulitsa nyumba ndi malo. Gitala yoyamba anaigwira ali ndi zaka 11, ndipo mwini wake wanena kambirimbiri kuti pa nthawiyo khutu lake silinkasiyanitsa manoti ndipo sankatha kusunga biti. Chinanso, ndi wamanzere, koma anasankha kuyimba ngati wamanja. Zimenezi n'zofunika kuzidziwa, chifukwa munthu amene chilichonse wachipeza mochita kukumba amadziwa pamene pagona vuto lililonse, ndipo n'zimene pambuyo pake zinamuchititsa kukhala mphunzitsi wovuta kumunamiza.

Mphunzitsi wake, Don Strike wa ku Bournemouth, anali wa kayimbidwe kakale ka m'magulu a dansi, komwe piki, kapulasitiki komenyera nsambo, ndiyo mfumu. Lamulo lake n'losavuta kulinena: piki ikatsika pa noti yoyamba, ikwere pa yachiwiri, itsike pa yachitatu, osaphonya, ngakhale noti yotsatira ili pa nsambo ina. Pa nsambo imodzi aliyense amatha. Mavuto amayamba podumpha. Mukatsitsa piki pa nsambo yachitatu, ndiye noti yotsatira ili pa yachinayi, imene ili kumtunda, piki imakhala yakodwa pakati pa nsambo ziwiri ndipo iyenera kutulukamo, kudumpha imene mwangoyimbayo, n'kukamenya inzakeyo pokwera. Woyimba wamba amathawa ntchito imeneyi potsetsereka ndi chala chamanzere kapena potsitsa piki kawiri motsatizana. Fripp sathawa, ndipo n'chifukwa chake manoti ake onse amamveka ofanana mphamvu, ngati osokedwa ndi makina. Kuyendako kumachokera pamfundo ya dzanja, osati pachigongono. Amene amayesa liwiro lotere ndi mkono wonse amalimba minofu pakangopita mphindi imodzi, manoti n'kuyamba kutsalira.

Asanapite ku London anayimbako m'gulu la dansi pa Majestic Hotel ku Bournemouth, pamalo amene anasiya Andy Summers, uja anadzatchuka mu The Police. Mu 1967 abale awiri, Michael Giles wa ng'oma ndi Peter Giles wa besi, analengeza kuti akufuna munthu woyimba ogani amenenso ali ndi mawu abwino. Fripp sankayimba ogani, mawunso analibe, koma anapita ndipo anamutenga. Chimbale cha atatuwo cha mu 1968 chinagona m'masitolo.

Gulu lenileni la King Crimson linayamba kuyeserera pa 13 January 1969 m'chipinda chapansi pa kafe ina mu Fulham Palace Road ku London. Munali Fripp, Michael Giles, Greg Lake woyimba mawu ndi besi, Ian McDonald wa zitoliro ndi makiyibodi, ndi Peter Sinfield amene ankalemba mawu a nyimbo n'kumayendetsanso magetsi a pa siteji. Pa 5 July chaka chomwecho anayimba ku Hyde Park patsogolo pa The Rolling Stones, pamaso pa khamu loposa anthu 250,000, ndipo mu October anatulutsa In the Court of the Crimson King, chimbale chimene ambiri amachitenga ngati chiyambi chenicheni cha progressive rock. Chinafika pa nambala 5 ku Britain.

Mtundu wa nyimbo umenewu ndi rock imene yakana malire a nyimbo ya pa wailesi. M'malo mwa mphindi zitatu, nyimbo itha kutenga khumi kapena makumi awiri. M'malo mwa vesi ndi kolasi zobwerezabwereza, imakhala ndi zigawo zosiyana liwiro ndi mtima, zina zobwereka ku jazz, zina ku nyimbo za okesitira. Ndipo m'malo mowerenga 1-2-3-4 mpaka kumapeto, oyimba amawerenga zisanu, zisanu ndi ziwiri, ngakhale 13. Kwa wa gitala, zimenezi zimasintha ntchito yonse. Sakhalanso munthu wodikira kuti nthawi yake ya solo ikwane. Nthawi zambiri amakhala akuyimba mzere umodzimodzi ndi sakisofoni kapena besi, mothamanga, onse n'kuima pamodzi ndi kuyambanso pamodzi, moti wina akachedwa ndi kachigawo ka sekondi holo yonse imamva.

Chida china chimene chinapanga phokoso la gululi si gitala ayi, koma Mellotron, kiyibodi yopangidwa ku Birmingham. Pansi pa kiyi iliyonse pali kachidutswa ka tepi kamene anajambulapo vayolini kapena chitoliro chenicheni chikuyimba noti imeneyo. Mukadina, tepi imayenda kwa masekondi pafupifupi 8 kenako imatha, sipiring'i n'kuibweza. Choncho kodi yaitali simungaigwire chigwirire. Muyenera kumasinthanitsa zala, kusiya kiyi ina n'kudina ina, kuti phokoso lisaduke. Vuto lalikulu linali la magetsi: mphamvu ikatsika pang'ono, mota imachedwa, ndipo manoti onse amatsika pomwe magitala ali pomwe anali. McDonald atachoka, ntchito yolimbana ndi makina amenewa inagwera Fripp.

Ndipo anachoka msanga. Mu December 1969, ali paulendo ku America, McDonald ndi Giles ananena kuti akusiya. Fripp anapempha kuti achoke ndi iyeyo kuti gulu lipulumuke, koma iwo anakana. Lake naye anapita mu 1970 kukayambitsa Emerson, Lake & Palmer. Zaka ziwiri zotsatira zinali zongolowa ndi kutuluka kwa anthu, zimbale zitatu, mpaka Fripp anafika pophunzitsa besi munthu woyimba mawu, Boz Burrell, noti ndi noti, chifukwa wa besi ankasowa.

Gulu la 1972 mpaka 1974

Apa m'pamene gitala ya Fripp inakhwima. Anatenga Bill Bruford wa ng'oma, amene anasiya gulu la Yes lili pachimake, John Wetton wa besi ndi mawu, David Cross wa vayolini, ndi Jamie Muir amene ankamenya chilichonse cholira, maunyolo ndi zitsulo zomwe. Muir sanakhalitse, mu 1973 anakalowa m'nyumba ya amonke achibuda ku Scotland.

Zida za Fripp pa nthawiyo zinali zochepa: Gibson Les Paul Custom yakuda ya mapikapu atatu (timaginito totola kulira kwa nsambo), pedo ya fuzz, pedo ya wah, pedo ya voliyumu ndi ampu ya Hiwatt. Phokoso lake lodziwika, noti yaitali yosalala ngati ya vayolini, limapezeka posankha pikapu ya kufupi ndi khosi la gitala, kutsitsa nobu ya toni pafupifupi mpaka pansi, n'kuyatsa fuzz. Fuzz imafinya phokoso kuti noti isafe msanga, koma imabweretsanso kukanda kwa pamwamba, ndipo kutsitsa toni ndi kumene kumachotsa kukandako. Mukatsitsa kwambiri pa ampu yofooka, gitala imasowa pakati pa besi ndi ng'oma. Komanso fuzz sikhululuka: nsambo iliyonse imene simunaitseke ndi chikhatho imalira nayo.

Manoti amene ankasankha ndiwo ankaopsa anthu. Oyimba rock ambiri a nthawiyo ankachokera ku blues, ndi kukoka nsambo kuti ilire ngati munthu. Fripp anazipewa dala. Ankakonda sikelo imene sitepe iliyonse ndi mafureti awiri (timizere tachitsulo ta pa khosi la gitala), yokhala ndi manoti 6 okha, yopanda poyambira kapena pothera pomveka, moti womvera amakhala ngati akukwera makwerero osafika. Ankakondanso manoti awiri otalikirana mafureti 6, theka lenileni la okitevu, amene akamveka pamodzi khutu silipeza mpumulo. Nyimbo ya Fracture ya mu 1974 yamangidwa pa sikelo yoyamba ija, ndipo pakati pake pali mphindi zingapo za manoti othamanga osapumira, odumpha nsambo, onse omenyedwa ndi piki. Mpaka lero oyimba gitala amaitchula ngati imodzi mwa zovuta kwambiri m'rock.

Koma chitsanzo chabwino cha nzeru zake ndi chosiyana ndi chimenecho. Mu Starless, nyimbo yotseka chimbale cha Red cha 1974, besi imazungulira pang'onopang'ono pa mabiti 13, ndipo Fripp amangobwereza noti imodzi. Imodzi basi. Patapita nthawi amakwera pang'ono n'kubwerezanso, kenako kukweranso, ng'oma zikuchuluka pansi pake, kwa mphindi zingapo, mpaka womvera amafika polakalaka kuti chinthucho chiphulike. Wophunzira wa miyezi itatu atha kugwira manotiwo. Chovuta n'kupirira osawonjezerapo kanthu.

Gululi linkapekanso nyimbo pa siteji pomwepo. Zambiri za pa chimbale cha Starless and Bible Black zinajambulidwa anthu akuonera, makamaka ku Concertgebouw mu Amsterdam mu November 1973, kenako kuwomba m'manja anakuchotsa ku situdiyo. Mu kanyimbo kena kofatsa ka usiku umenewo Bruford anakhala ndodo zili pachifuwa osamenya ng'oma ngakhale kamodzi, ndipo anzake anamulemba ngati mmodzi wa opeka nyimboyo, poona kuti kukhala chete kwakeko kunali chisankho cha woyimba.

Gulu limeneli linayimba komaliza ku Central Park mu New York pa 1 July 1974, ndipo mu September Fripp analengeza kuti gulu latha. Anapita kukakhala miyezi yambiri pa sukulu ya J. G. Bennett ku Sherborne, yophunzitsa kudziletsa ndi kukhala tcheru, gitala ataiika pambali.

Matepi awiri ndi chipinda chimodzi

Asanathetse gulu, mu 1972, Brian Eno, woyimba ndi wojambula nyimbo wa ku England, anali atamuonetsa njira imene inadzakhala theka la moyo wake woyimba. Terry Riley wa ku America anali ataigwiritsapo kale ntchito m'ma 1960, koma dzina limene linamamatira ndi Frippertronics. Imafuna makina awiri ojambulira a tepi ya pa mikombero, iwo ankagwiritsa ntchito a Revox, oikidwa moyandikana pa tebulo.

Tepi imachoka pa mkombero wa makina akumanzere, imadutsa pa mutu wojambula wa makina omwewo, koma m'malo mokulungidwa pamenepo imawoloka mpata n'kukadutsa pa mutu wowerenga wa makina akumanja, kumene imakulungidwa. Akumanzere amajambula, akumanja amaseweretsa. Phokoso lotuluka kumanja limapita ku sipika, komanso limabwezedwa ndi waya kumanzere, kumene limasakanikirana ndi zimene gitala ikuyimba pa nthawiyo n'kujambulidwanso. Kutalika kwa nthawi imene noti imatenga kuti ibwerere kumadalira mtunda wa pakati pa mitu iwiriyo ndi liwiro la tepi. Pa liwiro la masentimita 19 pa sekondi, mtunda wa masentimita 95 umapereka masekondi 5. Mukafuna nthawi yotalikirapo, mumangosuntha makina.

Chinsinsi chonse chagona pa nobu imene imalamulira kuchuluka kwa phokoso lobwezedwa. Likamabwerera ndi mphamvu yoposa imene linapita nayo, ulendo uliwonse limakula, tepi imadzaza, ndipo pakangopita mphindi mumakhala ndi chiphokoso chosweka. Likamabwerera ndi magawo 8 mwa 10, pakatha maulendo 10 latsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa khumi, kutanthauza kuti noti iliyonse imakhala ndi moyo wa masekondi pafupifupi 50 isanazimiririke. Ulendo uliwonse umadyanso manoti apamwamba n'kuwonjezera kafuwu ka tepi, choncho zakale zimamveka ngati zikulowa m'nkhungu pomwe zatsopano zili pafupi. Makina awiriwo akasiyana liwiro ngakhale pang'ono, tepi imalendewera pakati kapena imakokeka, ndipo manoti amayamba kusokonekera.

Pedo ya voliyumu ndi yofunika kwambiri apa. Fripp ankamenya nsambo pedo ili pansi, kenako n'kuitsegula, kuti kugunda kwa piki kusalowe pa tepi. Kukalowa, kumabwerera masekondi 5 alionse ngati munthu wogogoda chitseko. Noti yolakwika nayo siichoka. Mumaimva kakhumi, ndipo njira yokhayo ndi kuyimba zina zoizungulira mpaka imveke ngati munaifuna. Mu 1979 anayenda ndi makina awiriwa m'masitolo a zimbale, m'malesitilanti ndi m'maofesi, akuyimbira anthu ochepa, pofuna kuonetsa kuti woyimba atha kugwira ntchito popanda malole a zida. M'ma 1990 matepi analowedwa m'malo ndi makina a digito, zimene anazitcha Soundscapes, ndipo zina mwa timaphokoso ta Windows Vista anajambula ndi iyeyo.

Mu 1977 Eno ndi David Bowie anamuitanira ku Hansa Studio ku Berlin, pafupi ndi khoma limene linkagawa mzindawo. Gitala yolira mosalekeza mu nyimbo ya "Heroes" inapangidwa popanda chida chapadera chotalikitsa noti. Ampu ikakwezedwa kwambiri, phokoso la sipika limagwedeza nsambo, nsambo n'kubweza ku pikapu, pikapu ku ampu, ndipo noti siifa. Koma noti iliyonse imagwira bwino pa mtunda wakewake kuchokera pa sipika. Fripp anayeza malowo n'kumata tepi pansi, chizindikiro cha noti iyi apa, cha inayo apo, ndipo poyimba ankasuntha kuchoka pa chizindikiro china kupita pa china. Phokosolo linkadutsanso mu kasinthesaiza ka EMS kamene Eno ankapotokola manobu ake. Anajambula katatu, ndipo Tony Visconti, amene ankayang'anira kujambulako, anatsegula zonse zitatu pamodzi. Kuyandama kumene kumamveka m'nyimboyo ndi magitala atatu osagwirizana ndendende.

Magitala awiri mumtondo umodzi

King Crimson ya 1981 inali ngati gulu lina. Fripp ndi Bruford anabwerera, n'kutenga Aamerika awiri: Tony Levin, woyimba besi ndi Chapman Stick, chida cha nsambo 10 chimene amachigogoda ndi zala za manja onse, ndi Adrian Belew, wa gitala ndi mawu. Kanali koyamba Fripp kulola gitala yachiwiri m'gulu lake. Fuzz inachepa, m'malo mwake kunabwera phokoso loyera la ampu ya Roland JC-120 ndi gitala ya sinthesaiza ya GR-300.

Maganizo ake anachokera ku gamelan, nyimbo za ku Indonesia zoyimbidwa pomenya zitsulo, ndi kwa opeka nyimbo zobwerezabwereza a ku New York, koma aliyense amene anaonapo amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, kapena anthu awiri atakhala moyang'anizana pa mangolongondo, akudziwa kale mfundo yake. Palibe amene akuyimba nyimbo yonse. Wina amalowa m'mipata ya mnzake, ndipo chimene khutu limamva ndi chinthu chachitatu chimene palibe akuchigwira.

Fripp ndi Belew anawonjezerapo masamu. Mu Frame by Frame, gitala imodzi imabwereza kachigawo ka mabiti 7. Inayo imayamba nayo limodzi, koma ulendo wachiwiri uliwonse imasiya noti imodzi, ndiye kuti 7 kenako 6, zonse pamodzi 13 pomwe mnzake wayimba 14. Kuzungulira kulikonse, wachiwiriyo amatsogola ndi biti imodzi. Akazungulira ka 7 amakhala watsogola ndi mabiti 7, kachigawo kathunthu, ndipo awiriwo amapezekanso ali pamodzi, patatha mabiti 91. Pakati ponsepo manoti omwewo amakumana mosiyanasiyana, ngati nsalu imene maluwa ake akusuntha.

Oyimba awiri ofuna kuyesa zimenezi ayambe ndi kuwerenga. Zisanu ndi ziwiri siziwerengedwa mpaka 7, zimagawidwa: 1-2, 1-2, 1-2-3, kapena 1-2-3-4, 1-2-3. Cholakwa cha pafupifupi aliyense ndi kupumira pang'ono pambuyo pa biti yomaliza, ndipo kapumidwe kameneko kamasandutsa 7 kukhala 8 munthu osadziwa. Metironomu, kachida kogunda biti mosasintha liwiro, iikidwe kuti igunde pa noti iliyonse, pa liwiro lotsika, ndipo aliyense ayimbe gawo lake yekha mpaka atha kucheza uku akuyimba. Magitala akhale ofanana voliyumu ndi toni, opanda fuzz, chifukwa ina ikakwera inayo imasanduka yoperekeza. Vuto lalikulu limabwera pa kuzungulira kwachiwiri kapena kwachitatu, pamene awiriwo atalikirana ndi biti imodzi kapena ziwiri: khutu limafuna kukonza, ndipo wofooka amakokedwa n'kugwera mwa mnzake. Kutseka makutu sikuthandiza, chifukwa ndiye simudziwa ngati mwafika limodzi pa 91. Muyenera kumumva mnzanu koma osamutsatira, ndipo zimenezi zimatenga masabata.

Gulu limeneli linatulutsa zimbale zitatu, mu 1981, 1982 ndi 1984, Fripp n'kuliimitsanso.

Kuchuna gitala mwatsopano

Chimene anachita kenako oyimba ambiri a zaka pafupifupi 40 sangayerekeze. Anasiya kachunidwe kamene anakulira, E A D G B E, n'kuyamba kena kamene anakatcha New Standard Tuning: C G D A E G, kuchokera pa nsambo yonenepa. Zinayi zoyambazo n'zofanana ndi za chelo, chida chachikulu cha mtundu wa vayolini, ndipo nsambo iliyonse imatalikirana ndi inzake mafureti 7 m'malo mwa 5. Mwa dongosolo limeneli yomaliza inayenera kukhala B wapamwamba, koma nsambo yachitsulo pa khosi la gitala wamba imaduka isanafike kumeneko, choncho anakhazikika pa G.

Poyerekeza ndi kachunidwe wamba, nsambo ya 6 imatsika ndi mafureti 4, ya 5 imatsika ndi 2, ya 4 siisintha, ya 3 imakwera ndi 2, ya 2 imakwera ndi 5, ndipo yoyamba imakwera ndi 3. Mukangopotokola makiyi pa nsambo zimene zilipo kale, ya 6 imakhala lende n'kumagunda mafureti, ndipo ya 2 nthawi zambiri imaduka. Pamafunika seti ina. Pa gitala ya bokosi, C wapansi amafuna nsambo yonenepa pakati pa .056 ndi .060 ya inchi, E wa pa nsambo yachiwiri amafuna yopyapyala ngati imene mwazolowera kuika poyamba, pafupifupi .013, ndipo G wapamwamba .011 kapena yocheperapo, imenenso imakhala pafupi kuduka moti kuikoka poyimba n'kudziputira. Timipata ta pa nati, kamtanda koyera ka kumutu kwa gitala, tiyenera kukulitsidwa kuti nsambo yonenepa ikhale bwino, apo ayi imakanirira ndipo kuchuna sikukhazikika. Chitsulo cha m'kati mwa khosi chiyeneranso kuonedwa, popeza mphamvu yokoka yasintha mbali.

Phindu lake ndi kutambasuka. Nsambo zosagwira zimachoka pa mafureti 24 kufika pa 31 kutalikirana kwake, ndipo makodi amamveka otakasuka ngati a piyano. Mtengo wake ndi wakuti zala zimatambasuka kwambiri posewera sikelo, ndipo chilichonse chimene dzanja linaloweza chimatha ntchito. Kwa Fripp chimenecho chinali cholinga: dzanja likasowa zozolowera, munthu amakakamizika kumva chimene akuyimba. Zinamupwetekanso mwini wake, chifukwa nyimbo zake zakale zinapekedwa m'kachunidwe kakale, ndipo Fracture anadzaibwezera pa siteji mu 2016 ataiphunziranso ndi zala zina.

Maphunziro ake, Guitar Craft, anayamba mu 1985 ku Claymont Court, West Virginia. Ophunzira ankagwiritsa ntchito magitala a bokosi a Ovation, kukhala mozungulira, n'kuyamba ndi kakhalidwe pa mpando ndi kagwiridwe ka piki asanayimbe kanthu. Chimodzi mwa zochita zawo ndi kupatsirana noti: aliyense amayimba imodzi yokha, wotsatira n'kuyimba yake, kuzungulira bwalo lonse mpaka zimveke ngati gitala imodzi. Mwa ophunzirawo munatuluka California Guitar Trio ndi Trey Gunn, amene analowa mu King Crimson ya anthu 6 ya 1994, ya ng'oma ziwiri, mabesi awiri ndi magitala awiri.

Za ndalama sitingazilumphe, chifukwa zinamudyera zaka. Ngati oyimba ambiri a m'badwo wake, umwini wa nyimbo zake unali m'manja mwa kampani yomuyang'anira, EG. Kumayambiriro kwa ma 1990 zimbalezo zitagulitsidwa kwa Virgin, panabuka mkangano wa ndalama za umwini umene unatenga zaka zingapo. Mu 1992 iye ndi David Singleton anayambitsa kampani yawo, Discipline Global Mobile, pa mfundo yakuti umwini wa nyimbo ukhale wa woyimba. Kampaniyi inapeza msika pa chinthu chimene makampani akuluakulu ankachiona ngati zinyalala: matepi a makonsati akale. Kwa gulu limene linkapeka pa siteji, usiku uliwonse unali wosiyana, ndipo okonda gululi amagula konsati ya Lachiwiri ngakhale ali nayo kale ya Lolemba. Nyimbo zawo zinafika pa Spotify mochedwa, mu 2019.

Mu 2012 ananena kuti wasiya kuyimba pa siteji, koma chaka chotsatira analengeza King Crimson ina, imene inayamba maulendo mu 2014. Inali ndi anthu 7, ndipo anatembenuza siteji: oyimba ng'oma atatu, Pat Mastelotto, Bill Rieflin ndi Gavin Harrison, anakhala kutsogolo, ena onse pa nsanja kumbuyo kwawo, Fripp kumapeto kwenikweni. Atatuwo sankamenya zofanana. Harrison ankagawa zigawo, moti kugubuduza kumodzi kunkayambira pa ng'oma za kumanzere n'kukathera kumanja, mfundo yomwe ija ya mtondo koma pa zikopa. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri anayimbanso nyimbo za 1969 mpaka 1974, Mel Collins wa sakisofoni atabwerera ndipo Jakko Jakszyk akuyimba mawu.

Pa nthawi ya Covid mu 2020, anthu amene ankamudziwa ngati bambo wosaseka anadabwa kumuona pa YouTube Lamlungu lililonse ali kukhitchini ndi mkazi wake, woyimba Toyah Willcox, amene anakwatirana naye mu 1986, akuyimba nyimbo za magulu ena mwanthabwala. Koma ku makonsati a King Crimson lamulo linali lokhwima: foni m'thumba, chithunzi ayi, mpaka nyimbo yomaliza itatha ndipo Tony Levin watulutsa kamera yake kujambula anthu, pamenepo nawonso n'kuloledwa. Konsati yomaliza ya gululi inachitikira ku Tokyo pa 8 December 2021.